Jakisoni wa pamimba kwa masiku 28: kodi magazi amasandukadi madzi?

Holide ya temu yachiwiri chaka chatha ndinaithera pa ntchito imene sindinaphunzire ku koleji. Azakhali anga, alongo awo a bambo anga, anali atangobwera kumene kuchokera ku chipatala chachikulu kumene anawachita opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero. Anafika kuno ku Wenya ndi chikwama cha zovala, kabuku ka kuchipatala, ndi katoni ya timasirinji todzazidwa kale mankhwala. Adokotala anali atalamula kuti azilandira jakisoni mmodzi tsiku lililonse, pamimba, mpaka masiku 28 akwane chichitireni opaleshoniyo. Masiku oyambirira ankawabaya ndi anamwino adakali kuchipatala. Otsalawo anali athu apakhomo. Msuweni wanga, mwana wawo wamkazi amene ankawadwazika, ndi amene anaphunzitsidwa kabayidwe kake. Ine ntchito yanga inali kuwerenga kapepala ka m'katoni ndi kuchonga pa kalendala.

Sabata isanathe panabuka vuto. Pamimba pa azakhali panali patatuluka zigamba zakuda, zina zobiriwira, ngati munthu womenyedwa. Mayi wina wobwera kudzawazonda ataona zigambazo anagwira pakamwa nati, "Amenewa ndi aja osungunula magazi. Mukapitiriza, magazi anu onse asanduka madzi." Madzulo ake msuweni wanga atatulutsa sirinji, azakhali anaphimba pamimba ndi chitenje, kenako anatembenukira kwa ine. Anafunsa m'Chitumbuka, koma funso lake linali ili: "Iwe ndiwe mphunzitsi wa sayansi. Tandiuza zoona, mwana wanga, magazi anga akutha?"

Kunena zoona, anyamata ndi atsikana, ndinachita chibwibwi. Analola kubayidwa usiku umenewo chifukwa chowanyengerera basi, atandilonjezetsa kuti mawa lake ndibwere ndi yankho lomveka. Zimene ndalemba m'munsimu ndi yankho limenelo, lotalikitsidwa pang'ono kuti likuthandizeninso pa Fizikisi ndi Bayoloji. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya banja lathu lokha. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse: chiwerengero cha 2020 chinaonetsa amayi oposa 4,000 opezeka nayo pa chaka. Ena a inu tsiku lina mudzapatsidwa kapepala ka Chingerezi kuti muwawerengere amayi anu kapena agogo anu, chifukwa pakhomopo wasukulu ndinu.

Kulimba kwa magazi ndi kuundana kwa magazi si chinthu chimodzi

Mlandu woyamba ndikuupereka kwa dzina. Pa Chingerezi mankhwalawa anthu amangowatchula kuti blood thinner, ngati kuti amachita zimene amayi amachita phala likalimba: kuthira madzi ndi kutakasa. Dzinali ndi losocheretsa.

Tengani mbale yachitsulo, muipendeketse, mudonthezepo madzi, mafuta ophikira ndi uchi pa mzere umodzi. Madzi afika pansi msanga, mafuta atsatira, uchi uzibwera mwaulesi. Kukana kuyenderera kumeneku pa Fizikisi timakutcha viscosity. Magazi a munthu amakana kuyenderera katatu kapena kanayi kuposa madzi, makamaka chifukwa cha maselo ofiira, amene amatenga malo okwana 40 mpaka 45 pa 100 aliwonse a magaziwo. Kuti magazi akhaledi amadzimadzi, muyenera kuchotsamo maselo ofiira kapena kuthiramo madzi ambiri. Jakisoni uja sachita chilichonse mwa ziwirizi. Azakhali ankalandira enoxaparin, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la pa katoni loti Clexane: 40 mg mu 0.4 ml. Supuni ya tiyi imalowa 5 ml, ndiye kuti jakisoni yense sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a supuniyo. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, kapena kuti 5,000 ml. Gawani 5,000 ndi 0.4. Mupeza 12,500. Dontho limodzi pa madontho 12,500 lingasungunule chiyani?

Kuundana ndi nkhani ina, ndipo aliyense amene anaonererapo mbuzi ikuphedwa anaiona kale. Magazi akagwera m'mbale amakhala amadzimadzi, koma pakangopita mphindi zochepa amagwirana kukhala chinthu chonjenjemera chimene mungachidule ndi mpeni. Madzi sanachokemo. Chimene chachitika n'chakuti mkati mwake mwalukidwa ukonde wa tiulusi tosaoneka ndi maso, totchedwa fibrin, ndipo maselo akodwa mu ukondewo ngati usipa.

Tsiku lina pakhomo pakaphedwa mbuzi kapena nkhuku, pemphani magazi pang'ono m'kapu ina, muwatakase mwamphamvu ndi timitengo adakali otentha. Pa timitengopo pamatirira zinthu zonga ulusi wonyowa. Ameneyo ndiye fibrin. Magazi otsala m'kapumo saundananso, komabe ndi ofiira, ndi okhuthala, sanasanduke madzi ayi. Mwachotsa ukonde, osati nsomba. Mukatha musambe m'manja ndi sopo, ndipo magazi a munthu musayeserepo zimenezi.

Jakisoni uja sachita kufika pochotsa ukonde wonse chotere. Iye amangochedwetsa oluka. Thupi likavulala, tizidutswa ta m'magazi totchedwa platelets timathamangira pabalapo n'kumatirirana. Kenako mapuloteni a m'magazi amayamba kudzutsana, uyu adzutsa uyo, uyo adzutsa winanso, mpaka adzuke wina wotchedwa factor Xa, amene amapanga thrombin, ndipo thrombin ndiye amaluka fibrin. Koma thupi lili ndi buleki yakeyake, puloteni yotchedwa antithrombin, yoletsa kuti kudzutsanaku kusapitirire muyeso. Enoxaparin amakamatirira ku buleki imeneyi n'kuichititsa kugwira mofulumira kwambiri, makamaka pa factor Xa. Basi yotsika phiri la Chiweta dalaivala akaponda buleki siisanduka njinga. Imakhala basi yomweyo, yodzaza chimodzimodzi, koma yotsika mwaulemu.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa opaleshoni afunika buleki yowonjezera?

Funso ili n'loyenera. Munthu wangodulidwa kumene, ali ndi bala, bwanji kumupatsanso mankhwala ochedwetsa kuundana? Yankho n'lakuti mbulu wa magazi ndi wabwino pabala, koma ndi woopsa ukapangika mkati mwa mtsempha wosadulidwa.

Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, analemba za nkhaniyi mu 1856, ndipo mpaka lero ophunzira zaudokotala amaloweza zinthu zitatu zimene zimadziwika ndi dzina lake: magazi akamayenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha likavulala, ndiponso magazi eni ake akakhala ofulumira kuundana. Munthu wochitidwa opaleshoni ya khansa m'mimba kapena m'chiuno amakhala nazo zonse zitatu nthawi imodzi.

Choyamba chija ndi Fizikisi yeniyeni, choncho tikhalepo pang'ono. Mtima umakankha magazi kupita kumapazi mosavuta, poti n'kotsika. Vuto ndi ulendo wobwerera. A Fomu 3, kumbukirani p = ρgh. Density ya magazi ndi pafupifupi 1,060 kg pa kiyubiki mita. Kuchokera pamtima kufika ku kakolo, munthu wamkulu ataimirira, tinene kuti ndi 1.2 m. Tikatenga g kukhala 10, tipeza 1,060 × 10 × 1.2 = 12,720 Pa. Magazi a kumapazi ayenera kukwera phiri limeneli tsiku lonse. Amakwera bwanji? Pitani pa mjigo mukaone. Mukapopa, madzi amakwera pang'ono, vavu imatseka kuti asabwerere, mupopanso, akweranso. M'mitsempha ya m'miyendo yobweza magazi kumtima mulinso timavavu totsekula mbali imodzi yokha, ndipo chopopera chake ndi akatumba a kumbuyo kwa mwendo. Phazi lililonse limene mumaponda, akatumbawo amafinya mtsempha, magazi n'kukwera sitepe imodzi.

Tsono ganizirani munthu amene wagona pa tebulo la opaleshoni maola angapo osagwedeza chala, kenako wagona pabedi masiku angapo chifukwa bala likupweteka. Ngakhale wagona chogona ndipo phiri lija lachepa, mjigo waima. Magazi a m'mitsempha yakuya ya m'miyendo amayenda mwaulesi, ndipo kuseri kwa timavavu tija amachita ngati madzi a pakhonde pa mtsinje pamene pamaunjikana zinyalala. Mapuloteni odzutsana aja m'malo mokokoloka amakumana pamenepo n'kuyamba kuluka. Kwa ife a kuno pali chowonjezera: ulendo wobwerera kumudzi. Kuchokera ku Mzuzu, kutsika Chiweta, kudutsa Karonga, kukwera mpaka pa boma la Chitipa, kenako matola a msewu wafumbi kudzafika ku Wenya, munthu miyendo itapindidwa, thumba la chimanga lili pa mapazi. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndiye awonjezerepo tsiku lina lathunthu. Wodwala wotere pamene basi yaima ayenera kutsika n'kuyendako pang'ono, ndipo ali pampando azigwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi ngati akupalasa makina osokera.

Chachiwiri n'chosavuta: opaleshoni imadula ndi kukankha mitsempha, ndipo thupi lonse limamva kuti kwagwa ngozi, n'kukonzekera kuundanitsa magazi. Chachitatu ndi khansa yeniyeniyo. Maselo a khansa amatulutsa zinthu zodzutsa mapuloteni oundanitsa aja popanda bala lililonse. Dokotala wa ku Paris, Armand Trousseau, anafotokoza mgwirizano umenewu mu 1865. Posakhalitsa anaona mtsempha wotupa ndi mbulu pa thupi lake lomwe, nazindikira yekha tanthauzo lake. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba mu 1867.

Mbulu wopangika mu mtsempha wakuya wa mwendo achipatala amautcha DVT. Mwendo umatupa, umapweteka, umatentha. Wina wa ku France, Jean Poiseuille, amene ankafufuza kayendedwe ka zamadzimadzi m'timapaipi m'zaka za m'ma 1840 pofuna kumvetsa magazi, anapeza kuti paipi ikachepa m'mimba mwake ndi theka, zodutsamo sizichepa ndi theka ayi, zimatsala gawo limodzi mwa magawo 16. Ndiye mbulu sufunika kutseka njira yonse kuti mwendo utupe. Koma choopsa chenicheni si mwendo. Tsatani njira: mitsempha yochokera kumiyendo imanka ikulirakulira mpaka kukafika kumtima, choncho chidutswa cha mbulu chikathothoka palibe pokakamira. Chimadutsa mbali ya kumanja ya mtima n'kulowa m'mitsempha ya m'mapapo, imene imanka icheperachepera. Pamenepo chimatseka. Dzina lake ndi pulmonary embolism, ndipo imatha kupha munthu m'mphindi zochepa, munthu amene opaleshoni yake inayenda bwinobwino ndipo achibale anali atayamba kale kuthokoza.

Masiku 28 sanangotoledwa pamsewu. Mu 2002 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wotchedwa ENOXACAN II, wa anthu ochitidwa opaleshoni ya khansa m'mimba ndi m'chiuno. Onse analandira enoxaparin sabata yoyamba. Kenako gulu lina linapitiriza masabata ena atatu, gulu lina linkalandira jakisoni wopanda mankhwala. Atawaunika, mibulu inapezeka mwa anthu 12 pa 100 aliwonse a gulu losiya msanga lija, koma mwa anthu osakwana 5 pa 100 a gulu lopitiriza. Taonani bwino manambalawa: 5 si 0. Jakisoniyu amachepetsa ngozi, saichotseratu, n'chifukwa chake kuyenda ndi kumwa madzi okwanira sikusiyidwa. Komanso si aliyense wochitidwa opaleshoni amene amapatsidwa. Adokotala amayamba ayeza ngozi ya mbulu ndi ngozi ya kutaya magazi, amaonanso mmene impso zikugwirira ntchito, poti mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera ku impso.

Tsiku lililonse, nthawi yomweyo

Azakhali anali ndi funso lina lanzeru: "Bwanji osangondibaya onse kamodzi, kapena kudumphako tsiku kuti pamimba papume?" A Fomu 4, apa ndi panu. Pa mutu wa radioactivity mumaphunzira half-life, nthawi imene chinthu chimatenga kuti chitsike kufika pa theka. Mankhwala m'thupi amatsikanso mwa njira yofanana nayo, ngakhale chochititsa chake ndi impso ndi chiwindi, osati nyukiliyasi.

Enoxaparin akabayidwa pansi pa khungu, mphamvu yake imafika pachimake pakapita maola atatu mpaka asanu, ndipo half-life yake ndi maola anayi kapena asanu. Titenge asanu kuti samu iphweke, pachimake patchedwe 100. Pakapita maola 5 yatsala 50. Maola 10, 25. Maola 15, 12.5. Maola 20, 6.25. Apa nthawi ya jakisoni wotsatira yakwana. Mukadumpha tsiku, muwonjezere kugawa pakati kwina pafupifupi kasanu: yatsala 0.2, kapena tingoti palibe. Munthu amene wadumpha tsiku amakhala tsiku lathunthu wopanda buleki yowonjezera ija, khansa ndi bala zikadali pa ntchito yake. Ndipo kubaya awiri mawa lake pofuna kubweza ngongole n'kulakwitsa kawiri: dzulo silibwerera, koma lero mwaponda buleki mopitirira, magazi akhoza kutuluka pamene sayenera. Mukaiwala, funsani achipatala chochita.

Samu yomweyi ili ndi chitonthozo chake, ndipo ndi imene inawafika pamtima azakhali. Mankhwala amene amatha m'thupi tsiku ndi tsiku saunjikana mwa munthu wa impso zabwino. Pa tsiku la 28 magazi sakhala "osungunuka" kuposa pa tsiku la 8. Ndinawajambulira pa dothi ndi kamtengo: mzere wokwera ndi kutsika, wokwera ndi kutsika, ngati mizere ya m'munda.

Ife tinasankha 7 koloko madzulo, nthawi imene aliyense amakhala pakhomo, ndipo alamu inali pa foni ya msuweni wanga ndi yanga yomwe, poopa kuti ina ingathe moto.

Bwanji osangomwa piritsi? Enoxaparin ndi wa banja la heparin, amene anatulukiridwa mu 1916 pa Johns Hopkins ku Baltimore, pamene wophunzira zaudokotala Jay McLean ankafufuza zinthu zochokera m'chiwindi cha galu. Dzinalo likuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chiwindi. Molekyu yake ndi tcheni chachitali cha mashuga. Relative molecular mass ya aspirin ndi 180. Ya enoxaparin ndi pafupifupi 4,500. Chinthu chachikulu chotere, chokhalanso ndi chaji yambiri, sichidutsa khoma la matumbo. Alipo mapiritsi ena ogwira ntchito yofanana, monga rivaroxaban ndi apixaban, koma kusankha ndi kwa adokotala. Chinanso choyenera kudziwa: heparin wa masiku ano amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba. Amene sadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo ali ndi ufulu wouzidwa zimenezi ndi kukambirana ndi adokotala komanso atsogoleri awo, osati kungosiya mwakachetechete.

Singano, kampweya ndi zigamba zija

Ndisanapitirire: nkhaniyi siikukupatsani chilolezo chobaya munthu. Wobaya ndi amene waphunzitsidwa ndi namwino, maso ndi maso, ndipo ngati pakhomo palibe wolimba mtima, chipatala chaching'ono chapafupi chilipo. Chimene ndikufuna n'chakuti mumvetse chifukwa cha lamulo lililonse, poti lamulo losamveka ndi limene limathyoledwa msanga.

Singano yake ndi yaifupi, pafupifupi 12 mm, ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi 0.4 mm. Pressure ndi force kugawa ndi area. Area ya bwalo la radius 0.2 mm ndi pafupifupi 0.13 sikweya milimita. Force ya 1 N, imene ndi kulemera kwa tomato mmodzi wa magalamu 100, ikakhala pa malo ochepa chotere imapereka pafupifupi 8,000,000 Pa. Force yomweyo pa chala chokhudza malo a sikweya sentimita imodzi imapereka 10,000 Pa yokha. Kusiyana kwake ndi ka 800, ndipo nsonga yeniyeniyo ndi yosongoka kuposa pamenepa. Ndiye kubaya sikufuna mphamvu. Dzanja lonjenjemera, lolowetsa singano mokayikira, ndi limene limapweteketsa. Azakhali ankati cholasa si singano kwenikweni koma kunyereza kwa mankhwala akalowa, kumene kumatha pakapita mphindi zingapo.

Mankhwalawa amafunika kukhala m'mafuta a pansi pa khungu, osati m'mnofu. M'mnofu muli mitsempha yambiri ya magazi, ndipo singano yolowa mmenemo itanyamula mankhwala ochedwetsa kuundana ingasiye chotupa chachikulu cha magazi. N'chifukwa chake wobaya, atasamba m'manja, amatsina khungu ndi zala ziwiri kuti mafuta atukuke atalikirane ndi mnofu, amalowetsa singano yonse choimika, ndipo satayiriza khungulo mpaka atamaliza. Kwa munthu woonda, monga amakhalira odwala khansa ambiri, kutsinaku n'kofunika zedi. Malo ake ndi cham'mbali mwa mimba, motalikira mchombo ndi masentimita osachepera asanu, kutali ndi bala la opaleshoni, lero kumanja mawa kumanzere.

Mu sirinji yodzazidwa kale mumakhala kampweya. Tsiku loyamba ine, mphunzitsi wa sayansi, ndinatsala pang'ono kukatulutsa, poti m'mafilimu madokotala amagogoda sirinji n'kufinya mpaka tidontho titumphuke. Msuweni wanga anandilanda. Anali wolondola, ndipo kapepala ka m'katoni kanamuikira umboni: mukatulutsa kampweyako mumatayanso mankhwala, pamene onse ndi 0.4 ml yokha. Density ya mpweya ndi yochepa kuposa ya mankhwala, choncho singano ikaloza pansi kampweyako kamayandama kupita kumwamba, kumalowa komalizira, n'kukankha dontho lotsala m'singano. Kampweya kochepa chotere m'mafuta a pansi pa khungu thupi limakamwa popanda vuto.

Akachotsa singano, osatikita. Dzanja limafuna lokha kutikita pamene papweteka, koma kutero ndi kufinya timitsempha tating'onoting'ono timene singano yangodula kumene, pamalo pomwe mankhwala ndi ochuluka kuposa pena paliponse m'thupi. Zigamba zimene zinaopsa mayi uja ndi zimenezi: timadontho ta magazi totayikira pansi pa khungu. Zimayamba zofiirira, zimada, zimabiriwira, kenako zimachita chikasu, pamene thupi likuphwanya hemoglobin n'kumutola. Kusintha mtundu kumeneku ndi chizindikiro chakuti chigamba chikupola. Titafufuza tinapeza kuti azakhali ankadzitikita mobisa ndi nsalu yofunda usiku uliwonse. Atasiya, zigamba zinachepa, ngakhale sizinatheretu.

Kusunga ndi kutaya

Kapepala kamati mankhwalawa asungidwe pa malo osapitirira 25 °C ndipo asaumitsidwe mufiriji. M'miyezi ya June ndi July kuno kumazizira mokwanira, koma mu October m'nyumba ya malata yopanda siling'i ndi nkhani ina. Malata amamwa kutentha kwa dzuwa n'kukutulutsira mkati mwa radiation, ndipo mpweya wotentha umakwera n'kukhala kudenga. Choncho pamwamba pa kabati, pamene timakonda kubisa zinthu kuti ana asafikire, ndi pamalo potentha kwambiri m'chipindamo. Ife tinaika katoniyo m'sutikesi yokhoma, pansi, kukhoma kosawomba dzuwa, kutali ndi moto.

Sirinji imagwira ntchito kamodzi kokha. Yatha, ilowe m'bokosi lotayiramo masingano, limene mungapemphe kuchipatala, osayesa kubwezeretsa kachivindikiro, poti anthu ambiri amadzibaya pa nthawi imeneyo. Bokosilo likabwezedwe kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Kudzala ayi. Mukudziwa nokha zimene ana amachita akatola sirinji: imasanduka mfuti ya madzi.

Pamene simuyenera kudikira kuti kuche

Buleki ili ndi mtengo wake: munthu akayamba kutaya magazi, amachedwa kusiya. Kachigamba pamalo obaya si nkhani. Koma kamfuno kosasiya, magazi m'nkhama kapena mumkodzo, chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, bala la opaleshoni lotupa kapena lotuluka magazi, mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu ngakhale munthuyo akuti ali bwino, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo, kabuku ndi katoni ya mankhwala zili m'manja. Mbali inayo, mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kapena munthu akayamba befu mwadzidzidzi, chifuwa chikubaya popuma, kapena kutsokomola magazi, ndiye kuti mwina mbulu wapangika ngakhale akulandira jakisoni. Kuno kumene galimoto siipezeka ola lililonse, nambala ya wanjinga yamoto wodalirika ikhale yolembedwa pa kalendala yomweyo, ndipo ya mafuta ikhale yosungidwa padera.

Pali zinthu ziwiri za pakhomo zimene kapepala kolembedwa ku Ulaya sikangazitchule bwino. Choyamba ndi mapiritsi a pagolosale. Aspirin, ibuprofen, diclofenac ndi indocid amafooketsa ma platelets ndipo amatha kukanda m'mimba. Kuwaphatikiza ndi jakisoniyu popanda kuuzidwa ndi adokotala ndi kuitana kutaya magazi. Mankhwala ena a chimfine ndi mutu amakhala ndi aspirin mkati, ndiye muziwerenga paketi, osati dzina lokha. Chachiwiri ndi mphini. Mwendo ukatupa, alipo achibale amene amathamangira lezala kuti atulutse "magazi oipa" n'kupakapo mankhwala. Mbulu uli mkati mwenimweni mwa mwendo, lezala silingaufikire. Chimene lingachite ndi kutsegula mabala khumi pa munthu amene magazi ake akuchedwa kuundana. Kutikita mwendo wotupawo n'koopsanso, chifukwa kungathothole mbuluwo. Pa mfundo iyi ndinakangana ndi akuluakulu a kwathu, ndipo sindinapepese.

Azakhali anamaliza masiku awo 28 osadumpha ndi limodzi lomwe. Mdzukulu wawo wa Fomu 1 ndi amene ankawayendetsa m'mawa ndi madzulo, poyamba kuzungulira nyumba, kenako kufika pa nkhokwe, sabata yomaliza mpaka kudimba. Mayi wozonda uja anabweranso, ndipo azakhali anamujambulira okha pa dothi mizere yokwera ndi kutsika ija, ngakhale mafotokozedwe awo a half-life sakanapeza malikisi onse ku MANEB. Ulendo wawo wa khansa sunathere pamenepo. Amapitabe kukaonedwa pa masiku amene analembedwa m'kabuku.

Ntchito yanu nayi. Munthu akabayidwa masiku angapo motsatizana, half-life ya enoxaparin imatha kufika maola 7. Kuyambira pa 100, pezani mphamvu yotsala pakapita maola 21, ndiponso pakapita maola 42. Kenako yesani kutalika kwa kuchokera pamtima panu kufika ku kakolo, muwerengere ρgh wanuwanu mutaimirira, ndipo mufotokoze chimene chimachitika ndi h mukagona pa mphasa miyendo mutaisanjika pa mtsamiro. Mukawaonetse aphunzitsi anu a Fizikisi, ma unit onse atalembedwa.